Milimita imodzi patsiku: miyezi yanga pa chipatala cha mafizo cha ku Area 47

Anthu akhala akundiimitsa pageti la sukulu, ena kutchalitchi, kufunsa kuti dzanja lija ndinakalidzutsa kuti. Ndatopa kufotokoza nkhani imodzimodzi nditaimirira padzuwa, ndiye ndati ndiilembe kamodzi basi. Dzina la malowo sinditchula poti pali zina zomwe ndidandaule, komanso anthu ake ndimaonana nawobe. Ndi nyumba wamba ya ku Area 47 yomwe anaisandutsa chipatala cha mafizo. Pabalaza anaikapo mabedi atatu otchingidwa ndi makatani, m'galaja muli njinga yopalasa pamalo amodzi ndi zitsulo ziwiri zogwirira pophunzira kuyenda. Ndapondako kuyambira mu Epulo mpaka Novembala uno, poyamba kawiri pasabata, kenako kamodzi.

Chinandipititsako ndi kabaza. Kumapeto kwa Febuluwale, mvula itangokata, ndinakwera njinga yamoto pa Nsungwi pothamangira piriyodi yoyamba. Tisanafike patala, tayala lakumbuyo linaterera m'matope, ine n'kugwera mkono wamanja. Fupa la pakati pa phewa ndi chigongono linathyoka pakati penipeni. Kuchipatala anandiika chikhakha, ndipo kunena zoona fupalo silinavute, linagwira bwinobwino. Chomwe chinandisowetsa tulo ndi dzanja. Linangoti lende ngati khosi la nkhuku yozinga. Ndikati ndilitukule apa povala wotchi, zii. Zala kupinda zinkapinda, koma kutambasuka ayi. Kuseri kwa dzanja, pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, panali dzanzi loti munthu akanatha kunditsina ine osamva. Choko chinkandipulumuka, chitenje ankandimanga ndi mwana wanga wa Sitandade 7, mthiko ndinawasiyira bambo a kunyumba, omwe nsima yawo ana akuikambabe mpaka lero.

Ine ndimaphunzitsa Biology, Fomu 3 ndi Fomu 4, zaka 16 tsopano. Chaka chilichonse ndimajambula pabolodi selo ya mtsempha wa mauthenga: kamutu kake, timizu take, ndi chingwe chachitali chija timati axon. Ndipo chaka chilichonse ndinkamaliza ndi mawu amodzimodzi, akuti maselo amenewa akawonongeka sabwereranso. Ana ankalemba m'makope, ine n'kumachonga ndi bolopeni yofiira. Ndiye mungaganize nokha mmene mawu angawo ankandibwererera usiku, dzanja lili gone pa pilo ngati la munthu wina.

Tsiku loyamba ndinadikira mphindi 50 pabenchi la pakhonde ngakhale pafoni anandiuza kuti ndifike 9 koloko. Za kudikirazi ndizikamba kutsogoloku. Atandiitana ndinapeza mnyamata woti akanatha kukhala mwana wanga wa m'kalasi. Nditati, "Mwadzuka bwanji adokotala," anaseka n'kuti, "Ine si dokotala, madamu, ndine wa mafizo chabe." Ndimawatchulabe adokotala, anazolowera.

Sanathamangire makina. Anatenga thonje ndi kapini kopanira mapepala n'kumandikhudza kuseri kwa dzanja, "Apa mukumva? Nanga apa?", uku akujambula ndi bolopeni malire a dzanzi pakhungu langa. Kenako anati ndifinye zala zawo ziwiri. Ndinafinya ngati khanda. Anagwira dzanja langa n'kulitukula povala wotchi paja, akulichirikiza ndi chikhatho chawo, n'kuti, "Finyaninso." Ndinafinya mpaka iwo anakuwa kuti mayo. Mphamvu inalipo yonse, inkangotayika chifukwa dzanja linali logwa. Anandiuza kuti minofu yofinyira imalamulidwa ndi mitsempha ina iwiri yomwe sinakhudzidwe. Wovulala unali umodzi wokha, wotchedwa radial, womwe umazungulira kuseri kwa fupa lomwe linathyokalo utachita kuligunda. Pa anthu 10 othyoka fupa limeneli, pafupifupi mmodzi amatuluka ndi dzanja ngati langali, ndipo mwa ambiri a iwo mtsemphawo umabwerera wokha popanda opaleshoni.

Anandiwerengera mitundu itatu ya kuvulala kwa mtsempha, monga anaigawira dokotala wa ku Britain, Herbert Seddon, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Woyamba, mtsempha umangofinyika n'kukomoka, ndipo umatsitsimuka pakatha masabata. Wachiwiri, tizingwe ta mkati timaduka koma chikopa chokutira chimatsala, ngati waya wamagetsi woduka mkati pulasitiki ili bwinobwino. Wachitatu, zonse zaduka, ndipo zimafuna dokotala wosoka. Poti masabata 6 anali atadutsa popanda kanthu kugwedera, anati woyambawo tiuiwale, tiyembekezere wachiwiri koma maso ali pa wachitatu.

Chomwe anachita kenako ndicho chinandichititsa kubwerako sabata yotsatira. Anatulutsa tepi ya telala m'kabati, n'kuyang'ana X-ray yanga pawindo, n'kuyeza kuchokera pothyoka paja kufika pamnofu woyamba womwe mtsemphawo umadyetsa, chapafupi ndi chigongono. Anapeza masentimita 12. "Mtsempha umakula pafupifupi milimita imodzi patsiku, madamu. Masamu mukuwadziwa kuposa ine. Masiku 120, kuphatikiza masabata angapo omwe umachedwa poyambira. Tiyang'ane mu Julaye. Julaye akatha kuli zii, sindikusungani pano kuti ndizikudyerani ndalama, ndikulemberani kalata mubwerere kwa adokotala a mafupa." Nditafunsa kuti nanga iwo ntchito yawo n'chiyani, anati, "Ine sindingaukulitse ngakhale milimita imodzi. Ndingosamala nyumba kuti mwini wake pofika asaipeze itagwa."

Mu Lilongwe muno, momwe aliyense ali ndi mankhwala ogulitsa, munthu woyamba ndi kukuuza zomwe sangathe ndi wosowa. Sabata yomweyo azakhali anga anali atandibweretsera mizu yochokera ku Mitundu, mnzanga wina wa kusukulu anali atandionetsa botolo la makapisozi la K60,000 loti "limadzutsa mitsempha yakufa", ndipo pafupifupi aliyense ankanditonthoza ndi mwambi uja wa kuona maso a nkhono. Unandikwana mwambi umenewu. Nkhono ikadaona liwiro la mtsempha wangawu ikadaseka.

Kusamala nyumba kuja kunali kotere. Anandiumbira splint ya pulasitiki yomwe amaifewetsa m'madzi otentha n'kuikulunga pamkono, yogwira dzanja litatukuka pang'ono. Inadya K35,000 ndipo pa ndalama zonse zomwe ndawononga chaka chino, iyi ndiyo sindiidandaula ngakhale tambala. Tsiku lomwe ndinaivala ndinagwira kapu, mawa lake ndinagwira choko, ngakhale zolemba zake zinali ngati nkhuku yapalasa. Ulendo uliwonse ankatambasula chala chilichonse, mfundo iliyonse, kakhumi kakhumi, n'kusuntha chigongono ndi phewa zomwe zinali zitalimba m'chikhakha. Zinali zowawa, makamaka phewa. Cholinga chake n'chakuti mfundo zisaume ndipo minofu yopinda, yomwe tsopano inalibe wopikisana nayo, isafupike n'kulikoka dzanja ngati chikhadabo cha kabawi. Anandiphunzitsanso kuti ndizichita ndekha kunyumba ndi dzanja lamanzere katatu patsiku, n'kuwaitana bambo a kunyumba tsiku lina kuti nawonso aone kagwiridwe kake. Apa ndiwapatse ulemu wawo: sanabise luso kuti ndizingodalira iwo.

Tsiku lina adokotala akutambasula zala anangoti, "Mukudziwa kuti mbali ya mtsempha ya kumunsi kwa bala inatha kale sabata yoyamba ija? Ndipo sinafote yokha, thupi linachita kuigumula dala." Ndinawafunsa kuti dala bwanji. Anatchula zilembo zitatu, DLK, n'kuti zambiri ndikawerenge ndekha poti ndine mphunzitsi, kunja kuli anthu akudikira. Ndinazilemba kuseri kwa risiti. Usiku umenewo ndi mausiku ambiri otsatira ndinamaliza mabandulo ndikukanda foni ndi chala chamanzere, ndipo zomwe ndinapeza ndi zomwe zinandithandiza kusiyanitsa choona ndi malonda pa zonse zomwe ankandigulitsa, kuphatikizapo pachipatala pomwepa.

Nkhani yake inayamba ndi achule. Mu 1850 Augustus Waller, wa ku England, anadula mitsempha yopita ku lilime la chule n'kuona kuti mbali yomwe yalekana ndi kamutu ka selo imaphwanyika n'kusanduka timibulu. Kwa zaka zoposa 100 anthu ankaganiza kuti imangofa ndi njala, ngati mmene tsinde la dzungu limafotera ukalidula ndi khasu. Koma mu 1989 ku Oxford anapeza mtundu wa mbewa za m'labu, osati zathu zopanidwa pa ndodo za m'mbali mwa M1, zomwe mtsempha wake ukadulidwa mbali yakumunsi imakhalabe yamoyo kwa masabata m'malo mwa tsiku limodzi kapena awiri. Ngati kusintha kumodzi kwa m'majini kungachedwetse imfa chotero, ndiye kuti si njala chabe. Muli dongosolo logumula lomwe limachita kuyatsidwa.

Dongosololo tsopano likudziwika. Kamutu ka selo kamatumiza tsiku ndi tsiku puloteni yotchedwa NMNAT2 kutsikira m'chingwe muja. Sichedwa kutha, ndiye imafunika kubwera yatsopano nthawi zonse. Chingwe chikaduka, yakumunsi imatha pakangopita maola, ndipo ikatha pamadzuka puloteni ina, SARM1, yomwe ntchito yake pa nkhaniyi inadziwika mu 2012 kudzera mu tintchentche ta pazipatso. Mu 2017 akatswiri a ku St. Louis anaonetsa kuti SARM1 imachita kuphwanya NAD, kanthu komwe selo singapange mphamvu popanda iko. Magetsi a m'chingwemo amazima, chingwe n'kugumuka. Tsiku lomwe ine ndinali pamzere wa X-ray ndikudandaula za fupa, m'mkono mwangamo zimenezi zinali zitayamba kale.

Nanga DLK ija? Ndi kinase. Mawu amenewa ndinkawadumpha pophunzitsa, koma ntchito yake ndi yosavuta kumva kwa aliyense amene anayendapo ndi kalata m'maofesi. Kinase ndi chidindo. Imatenga kachidutswa ka phosphate kuchokera ku ATP, kanthu konyamula mphamvu m'selo, n'kukadinda pa puloteni ina, ndipo puloteni yodindidwayo imasintha khalidwe, imayamba ntchito kapena kuisiya, ngati kalata yomwe inali pepala chabe mpaka amfumu atadindapo. Palinso mapuloteni ena ofufuta chidindocho. Edmond Fischer ndi Edwin Krebs analandira mphoto ya Nobel mu 1992 chifukwa chotulukira kudinda ndi kufufuta kumeneku, ndipo thupi la munthu lili ndi ma kinase oposa 500. Ambiri amagwira ntchito motsatizana ngati mafumu athu: anyakwawa adinde, apereke kwa agulupu, agulupu adinde, ipite kwa a T/A. Pa mtsempha wovulala, DLK ndiye nyakwawa ya pamalo a ngozi. Imadinda ma kinase anzake otchedwa MKK4 ndi MKK7, iwo amadinda kinase ina yotchedwa JNK, ndipo JNK ndi yomwe imakagwira ntchito.

Apa ndi pomwe ndinakhala tsonga pabedi. Kumunsi kwa bala, mzere wa mafumu umenewu umafulumizitsa kutha kwa NMNAT2 ndi puloteni ina yoteteza chingwe yotchedwa SCG10, ndiye kuti umathandiza kugumula. Koma kumtunda kwa bala, uthenga womwewo umakwezedwa pa timagalimoto ta m'selo n'kubwerera mpaka ku kamutu ka selo, komwe kwa ine kali mumsana cha m'khosi umu. Kumeneko JNK imadinda puloteni yotchedwa c-Jun, ndipo selo imasiya ntchito yake ya masiku onse yotumiza mauthenga n'kuyamba kupanga zipangizo zomangira chingwe chatsopano. Mu 2009 ku Utah anaona kuti tinyongolotsi ta m'labu, totalika milimita imodzi yomweyo ya tsiku langa, tikachotsedwa DLK mitsempha yake yodulidwa simeranso, ndipo tikaiwonjezera imamera bwino koposa. Chaka chomwecho ena anaonetsa kuti DLK yomweyo imathandiza kugumula. Mu 2013 zinaonekanso kuti m'mitsempha ya maso ya mbewa, uthenga wa DLK umayatsa dongosolo lomera komanso umapha maselo ambiri. Chidindo chimodzi, koma kalata ikafika kwina imawerengedwa kuti manga, kwina gumula, kwina ifa.

Ndipo kugumulako kuli ndi ntchito yake. Zinyalala za chingwe chakale zikapanda kuchoka, chatsopano chimavutika kudutsa, monga sungabzale mapesi a chaka chatha ali chiimire m'mizere. Mbewa za ku Oxford zija, zomwe mitsempha yake imachedwa kugumuka, imachedwanso kumera. Maselo a Schwann, omwe pabolodi ndinkawajambula ngati masoseji okuta axon, chingwe chikafa amasintha ntchito, nawonso kudzera mu c-Jun. Amathandizana ndi maselo oyera a m'magazi kusesa, kenako amafola mkati mwa chikopa chakale chija kupanga kanjira koti chingwe chatsopano chitsate. Koma safola mpaka kale. Miyezi ikamapita amatopa, ndipo mnofu womwe wakhala chaka kapena chaka ndi theka osalandira mtsempha umafika posaulandiranso. N'chifukwa chake adokotala aja anaika malire a Julaye. Sikunali kundiopseza.

Nditamva zonsezi, botolo la K60,000 lija ndinaliona mwina. Ngati chogumula ndi chomanga chili chimodzi, kapisozi wa m'chikwama cha munthu angadziwe bwanji mbali yoti akankhe? Kampani yaikulu ya Genentech ku America inayesa mankhwala otseka DLK pa odwala matenda a ALS, omwe amapha maselo olamula minofu, koma sanapitirire gawo loyamba la kuyesa chifukwa ankabweretsa zovuta zina m'thupi. Amenewo ndi anthu a malabu ndi ndalama zawo.

Tsopano zodandaula, poti zilipo.

Choyamba ndi makina amagetsi. Ulendo wachitatu, adokotala aja kulibe, mtsikana wina wophunzira ntchito anandimata timapepala tiwiri pamkono n'kuyatsa kabokosi. Panyerenyetsa, pakhungu pafiira, mphindi 15, ndipo potuluka risiti inali itakwera ndi K5,000 popanda wondifunsa. Zinachitika kanayi ndisanalankhule. Nditawafunsa adokotala maso ndi maso ngati magetsiwo amafulumizitsa mtsempha, anakanda kumutu n'kuvomera kuti akatswiri sagwirizana ngati magetsi a pakhungu amathandiza mnofu womwe ulibe mtsempha, koma eni chipatala amafuna kuti makinawo azigwira ntchito. Kafukufuku amene anthu amakonda kutchula, wa Tessa Gordon ndi anzake ku Canada, ndi wa magetsi operekedwa ola limodzi pa mtsempha weniweniwo nthawi ya opaleshoni, osati timapepala ta pakhungu kawiri pasabata. Ndinawauza kuti asandiikenso. Sanakane, koma K20,000 inali itapita. Mukapitako funsani chilichonse chomwe akukumatani ngati chili mu mtengo womwe mwagwirizana.

Chachiwiri ndi asisi a pa risepushoni. Ndi aulemu, amakumbukira dzina, koma pa tebulo pawo pali mapaketi a mavitamini B omwe amauza aliyense kuti "ndi a mitsempha, amayi, tengani". Vitamini B12 amathandiza munthu amene akuperewera m'thupi mwake. B6 amapatsidwa kwa omwa mankhwala a TB a isoniazid pofuna kuteteza mitsempha, ndipo pamenepo pali chifukwa chomveka. Koma B6 yemweyo ukamamwa wambiri kwa nthawi yaitali amawononga mitsempha, dzanzi n'kuyamba kumapazi. Sizinthu zoti azigawa munthu wolemba marisiti.

Chachitatu ndi nthawi. Amapatsa anthu anayi ola limodzi pomwe wa mafizo wodziwa ntchito ndi mmodzi. Lolemba ndi Lachisanu n'zosayamba, ndinaphonyapo mapiriyodi awiri a Fomu 4 mayeso a MSCE ali pafupi. Lachitatu m'mawa kwambiri ndiye bola. Mtengo unali K12,000 ulendo umodzi, mu Ogasiti unadumphira pa K18,000 ndipo ndinaudziwira pa kauntala ndatulutsa kale foni kuti ndilipire. Chimbudzi n'chaukhondo koma chilibe chogwirira pakhoma, pamalo pomwe theka la odwala ndi a sitiroko. Magetsi akazima alibe jenereta, ngakhale kwa ine zimenezo zinkangotanthauza kuti kabokosi kaja sikayaka.

Kudikirako kunali ndi phindu limodzi, ndinadziwana ndi anthu a pabenchi. Panali agogo ena aamuna a ku Kawale, a sitiroko, omwe ankabwera ndi mdzukulu wawo. Atamva za milimita yanga anafunsa kuti, "Nanga ine mwanangu, wanga wafika pati?" Ndinasowa chonena. Adokotala anawafotokozera mofatsa kuti za mu ubongo ndi zina, kumeneko zingwe zoduka sizimera mtunda wautali ngati za m'mkono, ndipo mafizo awo ndi ophunzitsa njira zotsala kuti zitenge ntchito ya zomwe zinafa. Choncho zomwe ndinkaphunzitsa zija sizinali bodza lonse, zinali theka, za ubongo ndi msana, ine n'kumazinena ngati za thupi lonse. Ngakhale kumeneko anthu akugogoda. Mu 2008 ku Boston anachotsa mu mbewa puloteni yotchedwa PTEN, yomwe ili ngati buleki ya kinase ina yotchedwa mTOR, ndipo zingwe za mtsempha wa maso zomwe sizimera zinayamba kumera. Ndi za mbewa, agogo aja sindinawauze.

Chomwe chinkandilimbitsa mtima mwezi ndi mwezi chinali chaulere. Adokotala ankagogoda ndi nsonga ya chala motsatira njira ya mtsempha, kuyambira kumunsi kukwera. Pena pake ndinkamva ngati shoko yaing'ono ikuthamangira kuseri kwa dzanja, n'kudumpha. Pamenepo ankaikapo kadontho ka bolopeni n'kuyeza ndi tepi ija kuchokera pa chigongono. Nsonga za chingwe chomwe chikumera n'zosachedwa kudzidzimuka, ndiye pomwe pakuchita shoko ndi pomwe zafika. Njirayi inatchuka ndi dokotala wa ku France, Jules Tinel, yemwe anailemba mu 1915 akusamalira asilikali ovulala pa nkhondo yoyamba. Mu Meyi kadonthoko kanali kumtunda ndithu kwa chigongono. Mu Juni kanatsika pafupifupi masentimita atatu. Ndinkakana kusamba pamenepo mpaka bambo a kunyumba atakaona.

Sabata yachitatu ya Julaye, kukuzizira kwa ku Lilongwe kuja, anandiuza kuti ndipinde chigongono chala chachikulu chitaloza kumwamba, iwo akukankha mkono pansi. Anaika zala zawo pa mnofu wa m'mbali mwa chigongono n'kukhala chete. Kenako anatenga dzanja langa lamanzere n'kuliika pamenepo. Pansi pa khungu panali kanthu kakuphiriphitha ngati mtima wa mwanapiye. Palibe chinasuntha choti munthu n'kuona ndi maso. Ndinalira kuseri kwa katani, agogo a ku Kawale akufunsa kunja kuti kwagwanji.

Dzanja linayamba kutukuka mu Ogasiti, mokhota, likupendekera mbali ya chala chachikulu, ndipo adokotala anati ndi mmene zimayendera chifukwa mnofu wa mbali imeneyo ndi womwe mtsempha umayamba kuupeza. Apa mafizo anasintha. Anayamba kundigoneka mkono chammbali pa thabwa lothira paudala kuti dzanja lisamalimbane ndi kulemera kwake, kenako kutukula lopanda kanthu, kenako nditagwira sipuni, kenako kabotolo ka madzi. Zala zinatambasuka kumapeto kwa Seputembala. Splint ndinaisiya masana mu Okutobala. Mthiko ndaulandanso.

Kwa munthu wa dzanja logwa ngati langa, phazi logwa, kapena mfundo zouma pochoka m'chikhakha, malowa ndingamutumizeko, koma akapemphe wa mafizo wodziwa ntchito uja, akane zowonjezera zomwe sanazimvetse, ndipo akafunse tsiku loyamba lomwelo kuti malire odikira ndi liti. Wodulidwa ndi chikwanje kapena galasi n'kuchita dzanzi asayambire kuno, ayambire kwa dokotala wa opaleshoni, chifukwa mtsempha woduka wonse sungapeze njira ndi mafizo. Pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zinayi. Imodziyo yapita ndi kabokosi kamagetsi ndi mavitamini a pa kauntala.

Chala chachikulu chikadali chaulesi, chimatukuka theka n'kunjenjemera, moti kutsegula chikwama cha zipi ndimachitabe ndi kumanzere. Dzanzi lija lachepa, latsala malo ngati a ndalama yachitsulo ya K10. Notsi za Fomu 3 za mutu umenewu ndazilembanso, ndipo sabata yatha mnyamata wina wa kumbuyo anakweza mkono kufunsa ngati za ma kinase zibwera pa mayeso. Ndinamuuza kuti ayi, koma alembe. Lachitatu likudzali ndili ndi ulendo wina ku 47 kukayezetsa chalachi, 7 koloko m'mawa, pa minibasi.